Bwanji osangogula masitima atsopano n'kuthana nazo?

Mayi ena amene amasamalira okalamba ku London andilembera imelo. Akuti Loweruka ndi Lamlungu zina njanji ya Piccadilly, imodzi mwa njanji za masitima apansi panthaka mumzindawo, imatsekedwa mbali ina, iwo n'kumakwera mabasi awiri kuti akafike kuntchito. Afunsa kuti: "Ngati masitimawa akalamba, bwanji osangogula atsopano?"

Mayi, atsopanowo anaodedwa kale. Mu 2018 bungwe loyendetsa njanjizi la Transport for London (TfL) linagwirizana ndi kampani ya Siemens kuti ipange masitima 94, ena ku Vienna m'dziko la Austria, ena ku Goole ku England. Amene mukukwerawo anayamba kunyamula anthu mu 1975, ndipo m'chilimwe mumatentha zedi m'mabogi mwake. Atsopanowa adzakhala ndi makina oziziritsa mpweya. Koma kuti ayende, pakufunika kuwonjezera mphamvu ya magetsi, kukonza m'mphepete mwa mapulatifomu ndi malo ogonekamo masitima ku Cockfosters ndi Northfields. Usiku masitima amaima maola ochepa chabe. Amisiri akangotsitsa zida m'ngalandemo, nthawi yozitola yakwana kale. N'chifukwa chake ntchito zazikulu amazisungira kumapeto kwa sabata.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi masiginolo, maloboti a panjanji aja. Kachitidwe kakale kamagawa njanji m'zigawo. Sitima ikalowa m'chigawo, yam'mbuyo imaima pa getsi lofiira mpaka chigawo chonsecho chitatsala chopanda kanthu. Mukaima mumdima pakati pa masiteshoni, woyendetsa n'kulengeza kuti tikudikira siginolo, nthawi zambiri nkhani yake ndi imeneyi. Kachitidwe katsopano, sitima iliyonse imauza kompyuta pamene ili nthawi zonse, motero imatha kutsatana moyandikana popanda kugundana. Njanji ya Victoria, imene inakonzedwa zonse ziwiri, masitima ndi masiginolo, imadutsitsa masitima 36 pa ola nthawi yopita ndi kuweruka kuntchito. Piccadilly ndi masitima atsopanowo koma masiginolo akale ikuyembekezeka kufika 27 basi, kuchoka pa 24.

Sindikukokomeza ukalamba wa zinthuzi. Pa siteshoni ya Edgware Road, pa njanji ina ya mu London momwemo, kanyumba ka masiginolo ka mu 1926, momwe munthu ankakoka zitsulo ndi manja posintha njira za sitima, kanapuma ntchito mu 2019.

Ndiye mayi, musanagone Lachisanu muziyang'ana pa webusaiti ya TfL mbali zimene zatsekedwa, ndipo muwauze abwana anu msanga ngati shifiti ya m'mawa ikugwera tsiku lotere.