Pita ndithu, mwana wanga

Mwana wanga, uthenga wako ndinaumva usiku uja koma ndinali nditatopa, ndiye ndati ndikuyankhe m'mawa uno, pagulu pompano kuti amayi ako nawo amve. Wati mnzako amene munapangana zopitira limodzi ku Cape Town, pa ulendo wa gulu wokaona malo a mbiri yakale, wabwerera m'mbuyo, ndiye ukufunsa ngati ukaitanitse ndalama zako kapena upite wekha pakati pa anthu osawadziwa. Ine ndikuti pita. Pita ndithu.

Ulendo ngati womwewo ine ndinayendapo ndili ndekha, kuchokera kuno ku Joni. M'basimo tinalimo anthu pafupifupi 20, ambiri awiriawiri. Tsiku loyamba mtima unali m'mwamba, zoona, chifukwa aliyense anali ndi womunong'oneza. Koma pofika tsiku lachiwiri ndinazindikira kuti amene ndikumva zambiri pagulupo ndine.

Ndikupatse chitsanzo cha ku Robben Island. Boti mumakwerera padoko la V&A Waterfront, ndipo pakatha mphindi 30 kapena kupitirirako pang'ono mwafika pachilumbapo. M'ndendemo amene amakuyendetsani nthawi zambiri amakhala munthu woti anamangidwapo momwemo chifukwa cha ndale. Ifeyo anatiyendetsa bambo wachikulire, wolankhula motsitsa mawu. Anzanga aja ankatsalira m'mbuyo, uyu kujambula mnzake, uyu kudikira mkazi wake amange nsapato. Ine ndinalibe wondichedwetsa, ndiye ndinali pambali pa bamboyo kuyambira pakhomo mpaka potuluka. Atationetsa chikwangwani cha chakudya cha akaidi, ndinaona ndi maso angawa kuti ngakhale m'ndende ankasankhana khungu: amwenye ndi makaladi ankalandira buledi, akuda ayi, iwo kunali phala ndi chimanga. Nazo zovala, akuda ankawaveka makabudula ngati ana, pamalo pozizira chonchija. Ndinawafunsa za makalata, ndipo anandifotokozera kuti poyamba mkaidi wa gulu lotsika ankaloledwa kalata imodzi ndi mlendo mmodzi pa miyezi 6 iliyonse. Miyezi 6, mwana wanga! Ndikanakhala ndi mnzanga pambali, funso limenelo ndikanangomunong'oneza iyeyo n'kuthera pomwepo.

Kachipinda ka Nelson Mandela ndinakaona, kakang'ono moti munthu wamtali akagona mutu ndi mapazi zimatsala pang'ono kugunda makoma. Pa zaka 27 zimene anakhala m'ndende, 18 anathera pachilumba chimenechi, kuyambira 1964 mpaka 1982, nambala yake 466/64. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kanyumba kamene anasungamo Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, yekhayekha, osaloledwa kulankhula ndi akaidi anzake, kuyambira 1963 mpaka 1969. Basi itaima pamenepo ndinangokhala chete, misozi ili chuchuchu, ndipo panalibe woti andigwedeze kuti tiye tijambulitse. Malo ngati amenewo amafuna munthu ukhale ndi mpata wosinkhasinkha.

Ndiye usaganize kuti ukakhala wosungulumwa. Munthu woyenda yekha anthu amamuyandikira msanga kusiyana ndi anthu awiri amene akucheza kale. Ine mpando wa pambali panga m'basi unali wopanda munthu, choncho tsiku lililonse pankakhala wina. Tsiku limene tinapita ku District Six Museum pambali panga panakhala mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Dera la District Six limeneli boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 anawasamutsa ndipo nyumba zawo anazigumula. Pansi m'nyumba ya chikumbutsoyo pali mapu aakulu a misewu yakale, pamene anthu amene ankakhala kumeneko analembapo mayina a mabanja awo. Mayi aja anagwada, n'kuyendetsa chala pamsewu umodzi pang'onopang'ono mpaka anaima penapake, n'kundiuza kuti azakhali awo ankakhala cha pamenepo. Madzulo ake tinadyera limodzi, ndipo mpaka pano timalonjerana pa WhatsApp. Iwe ndi ntchito yako yophunzitsa mbiri, anthu otere ndi amene ukufunika kukumana nawo.

Tsopano achemwali, ndikudziwa nkhawa yanu ndi chitetezo cha mwanayu, ndipo sindikuiderera. Koma taganizani, sakupita yekha ngati munthu wongonyamula chikwama n'kumafunsa njira mumsewu. Galimoto, malo ogona, matikiti, zonse zakonzedwa kale, ndipo wotsogolera gulu amawerenga anthu basi isananyamuke. Kwa mtsikana amene akuyamba kumene kuyenda kunja, njira yabwino yoyambira ndi imeneyi. Muloleni chonde.

Iwe usanamalize kulipira, ufunse za chipinda. Mtengo umene amalengeza kawirikawiri umakhala wa anthu awiri m'chipinda chimodzi, ndiye ukafuna chako chako amawonjezera ndalama. Auze kuti mnzako wasiya, akuphatikize ndi mayi wina kapena mtsikana wina amene ali yekha. Ine ndinachita choncho ndipo sindinadandaule. Ufunsenso kuti boti la ku Robben Island likalephereka amatani, chifukwa kukachita mphepo yamphamvu panyanja silinyamuka, ndiye ndi bwino pakhale tsiku lina lapadera. Utenge jekete yokhuthala ngakhale kunja kukuwala, mphepo ya kumeneko imalowa m'mafupa. Pasipoti isachoke pathupi pako, uijambulenso pafoni. Usiku usayende wekha m'tauni, uzituluka ndi anzako a pagulupo. Ndipo utenge kope ndi cholembera, uzilemba madzulo aliwonse zimene wamva, chifukwa pofika tsiku lachitatu mayina ndi zaka zimayamba kusakanikirana m'mutu.

Ukadziwa tsiku lonyamuka unditumizire ndondomeko yonse ya ulendowo pamodzi ndi nambala ya wotsogolera gulu. Ngati ndege yako ikudzera pabwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni ndipo pali maola odikira, ndibwera ndi jekete yangayo ndidzakupatsire pomwepo, usavutike n'kugula ina.