Funsani za Chichewa: Kodi "mwanyanya" n'kuyamikira kapena kudzudzula?

FUNSO: Apongozi anga atalawa nkhwani wotendera amene ndinaphika anangoti, "Nsinjirozi mwanyanya, amayi." M'mawa mwake ku ukwati ndinamva munthu akuti mkwatibwi wanyanya kukongola. Kodi apongozi anandiyamikira kapena anandidzudzula? — Mtengwa wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi, apongozi anakudzudzulani, koma mwaulemu. Tsiku lina muchepetseko nsinjiro.

Kunyanya n'kupitirira pamene chinthu chimayenera kulekezera. Mawuwa amasiyana ndi kuposa. Kuposa kumafuna china choyerekezera nacho: nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yotalika mamita 3,002, imaposa mapiri onse m'dziko muno. Palibe anganene kuti Sapitwa wanyanya, chifukwa phiri silinalakwire munthu. Kunyanya kumayerekeza chinthu ndi mlingo umene tonse tili nawo mumtima, ngakhale sunalembedwe paliponse.

N'chifukwa chake mawuwa amamveka kwambiri pa zowawa. Mu Marichi 2023, mvula ya namondwe Freddy itagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mlimi amene chaka chilichonse amapempherera mvula sakanatinso yagwa bwino. Imeneyo inanyanya. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mawu a m'minibasi anali amodzimodziwo: mitengo yanyanya kukwera.

Nanga mkwatibwi uja? Apa mpamene ndimachikondera Chichewa. Wolankhulayo wabwereka mawu odandaulira kuti ayamikire, ngati akuti kukongola kotere kwatipweteka ena tonse. Mvetserani mawu ake: amakweza, amakoka, nthawi zina n'kuwomba m'manja. Apongozi anu sanakoke mawu, ndikhulupirira. Anaika mbale pansi.

Agogo anga akamagula chimanga pamsika ankayang'anitsitsa ngati ndowa yadzaza mpaka pakamwa kapena yasefukira. Mawu ena ofanana ndi kunyanya, oti kupyola muyeso, amachokera kumeneko, ku kuyesa, ndipo ndi mawu amene amakhala bwino m'kalata, pa guwa kapena pa wailesi. Kunyanya n'kwa pakhomo, kwa mayi wouza mwana wosamva kuti "wanyanya tsopano" asanathyole kamtengo.

Chimodzi chokha musasokoneze: kunyanyala ndi mawu ena. Aphunzitsi akanyanyala ntchito ndiye kuti aisiya chifukwa chokhumudwa, mwina poona kuti kuchedwa kwa malipiro kwanyanya.