Musalipire munthu ameneyo, usilikali wa ku Britain sagula

Mayi, chonde ndalamayo musatumize. Nditangoona zimene mwalemba zoti pali bambo wina akuti mukamulipira alowetsa mwana wanu ku Army Air Corps, gulu la ndege la asilikali a ku Britain, kuti akaulutse helikopita yankhondo ya Apache, thupi langa lonse lachita tsembwe, chifukwa ine ndinauzidwa mawu omwewo.

Wangayo anali munthu wa suti, wotsogolera mapemphero, mnzawo wa malume anga. Ankabwera kwathu ndi zithunzi za anyamata ovala zisoti zobiriwira ngati kumwamba, n'kumati ali ndi bwana wake ku Middle Wallop. Dzina la malolo ndi lenileni, n'kumene kuli likulu la gululi, ndiye ukafufuza pa intaneti umapeza kuti zikugwirizana. Bambo anga anagulitsa ng'ombe ndi dimba la kudambo. Tsiku la ulendo abale anachita hayala minibasi mpaka kubwalo la ndege ku Lilongwe, amayi atavala chitenje chatsopano, azakhali akulira ndi nthungululu. Ndafika pa kauntala, mtsikana wa pamenepo analemba dzina langa, nkulembanso, kenako anaitana mnzake. Anandiyang'ana mwachisoni nati tikiti imeneyi kulibe, pepalali n'longosindikiza. Ndinaimba foni ya bambo uja, yothima. Kumbuyo kwanga anthu a pamzere akung'ung'udza, uku bambo anga aima potero chipewa chili m'manja, akumwetulirabe chifukwa sanamve. Ndinayenda kukawauza miyendo ikunjenjemera. Pobwerera palibe anayankhula, amayi anangofunda chitenje chija kumutu. Munthu ameneyo mpaka lero amayenda pagalimoto, ndipo ndimamva kuti amaimabe kutsogolo kwa anthu kuwapempherera. Wakuba wopanda manyazi, anadya nsima m'nyumba mwathu akudziwa chimene akutichita!

Chinandiwawa kwambiri n'choti gululo ndinalikonda zenizeni, ndinaliwerenga usiku ndi usana. Linakhazikitsidwa mu 1957, koma mizu yake ili kwa asilikali amene ankatera ndi ndege zopanda injini pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali ake anakamenya nkhondo kuzilumba za Falklands mu 1982 ndi timahelikopita ta Scout ndi Gazelle, mu 2011 ankanyamuka pa sitima yapamadzi ya HMS Ocean kukaphulitsa ku Libya. Prince Harry anali momwemo, ankawombera ali mu Apache ku Afghanistan. Koma mwana wanuyo mumuuze za linga la Jugroom Fort, ku Helmand m'dziko lomwelo, mu Januwale 2007. Msilikali wina anatsala m'linga la a Taliban, ndipo poti Apache ili ndi mipando iwiri yokha, anthu anayi anadzimangirira kunja kwa mahelikopita awiri n'kulowa momwemo zipolopolo zikuvumba. Anakamutenga, koma anali atafa kale. Ntchito yake ndi imeneyo, si zithunzi za pa Facebook.

Ndiye zoti akangofika apatsidwa Apache ndi bodza lamkunkhuniza. Msilikali wamba amayambira pansi, kuthira mafuta, kupachika mizinga, kugwira za wailesi. Kuulutsa kumabwera patapita zaka, atakusankha pamayeso ovuta, ndipo ambiri safikako. Kufunsira malo n'kwaulere, umalemba wekha pa webusaiti yawo. Kuyambira 2018 anachotsa lamulo loti wa m'mayiko a Commonwealth ayambe wakhala ku Britain zaka zisanu, koma khomo limatseguka ndi kutsekeka, ndipo tikiti ya ndege umalipira wekha.

Komabe mwanayo musamufooketse ayi, alipo Amalawi ambiri amene analowa usilikali wa kumeneko ndipo akumanga nyumba kwawo. Ine zaka zikanandilola ndikanayesanso. Adzafunika munthu wokhala ku Britain womusunga pa nthawi ya mayeso, ndiye mufufuze wina wodalirika, kaya wa kumpingo kaya mnzawo wa achibale, amuthandizenso kulemba mafomu. Ndipo asananyamuke akayezetse magazi za sickle cell, vuto la magazi lotengera kwa makolo, chifukwa mu 2019 mnyamata wa kuno kwathu ndi wina wa ku Ghana amene anali ndi vutoli anakomoka pothamanga pamayeso ku Lichfield ku England n'kumwalira. Nambala ya bambo wofuna ndalamayo kaipereke kupolisi, ndipo mundilembere ku inbox ndione ngati si yemwe uja.