Chitenje chingalowe m'mabuloko osinthana, bola msoko ukhale kota ya inchi

Asisi, mwati gulu la amayi osoka ma quilt (zofunda zosokedwa polumikiza zidutswa za nsalu) lomwe mwalowa ku Leeds lagwirizana kuti aliyense asoke mabuloko (zigawo zabokosi zomwe zimalumikizidwa n'kupanga chofunda) 12 ofanana a mainchesi 12½ kuti mudzasinthane, ndipo mukufunsa ngati chitenje chingalowemo komanso ngati makina anu wamba angakwanitse. Zonse ziwiri n'zotheka. Koma ndiyambe ndi msoko, chifukwa buloko iliyonse yomwe musoke ikalumikizidwa ndi mabuloko a anthu ena m'chofunda cha mnzanu, ndipo ikachepa ngakhale pang'ono, wovutika ndi iyeyo.

Ambiri a ife tinaphunzira kusoka pa madiresi ndi masiketi, dzanja linazolowera kusiya sentimita imodzi ndi theka kumsoko kuti mwini chovala akanenepa adzamasule. Pa quilt msoko ndi kota ya inchi basi, mamilimita 6 ndi kadontho. Taonani masamu ake pa buloko yophweka yotchedwa Nine Patch. Mumadula timabokosi 9, kalikonse mainchesi 4½ mbali zonse. Titatu tikandandalikana timakwana 13½, misoko iwiri imadya theka la inchi uliwonse, n'kutsala 12½ ndendende. Msoko wanu ukangopitirira ndi 1/16 ya inchi, kamene diso silingaone n'komwe, buloko yonse yachepa ndi kota ya inchi. Ikakhala ya zidutswa zisanu pamzere, yachepa ndi theka la inchi, ndipo pamenepo ngakhale mnzanuyo akoke bwanji, makona sakumana.

Choncho musanakhudze chitenje chanu, yesani makina. Dulani timizere titatu ta nsalu yotsala, kalikonse mainchesi 1½ m'lifupi, mutilumikize, musite, muyeze. Pakhale 3½, ndipo kamzere kapakati kaoneke inchi imodzi yeniyeni. Zikapanda kutero musadalire mphepete mwa phazi la makina, poti mapazi ambiri a makina apanyumba ndi otambalala kuposa kota. Gulani phazi la kota inchi, silikwera mtengo, kapena yezani kuchokera pa singano n'kumata tepi yapepala pamakina, yosanjikiza kangapo kuti nsalu izigunda pamenepo. Osoka akale amachepetsanso msokowo ndi ulusi umodzi kapena uwiri, chifukwa popinda nsalu posita pamadyeka kanthu. Rula gulani ya mainchesi. Mapatani ambiri amachokera ku America ndipo ngakhale ku Britain osoka ma quilt amayeza m'mainchesi. Mukayamba kusinthira ku masentimita, 12½ ikhala 31.75, ndipo tepi ya telala siikupatsani zimenezo.

Mawu amene anakuuzani aja akuti unfinished amatanthauza kuti buloko iperekedwe ili 12½, mphepete zake zosapinda, kuti ikasokedwa m'chofunda ioneke 12. Musaikemo thonje lamkati, musaikenso nsalu yakumbuyo. Imeneyo ndi ntchito ya wolandira.

Tsopano chitenje. Ine ndikuti chiikeni, ndipo musachite nacho manyazi, bola gulu silinalamule mitundu kapena nsalu yakeyake. Afunseni otsogolera lero lomwe, ndipo muwaonetse chithunzi cha chitenjecho. Akavomera, onetsetsani kuti n'cha thonje lokhalokha. Zitenje zambiri zotsika mtengo masiku ano n'zosakaniza ndi polyester, zimaterera posoka ndipo simbi yotentha imazinyala. Kuyesa kwake n'kosavuta: dulani kachidutswa, kayatseni pa mbale ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, polyester imasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

Kenako chichapeni chisanadulidwe, apa sindinyengerera. Chitenje chatsopano chimabwera chouma ndi sitachi ya kufakitale, chimafupikako chikachapidwa koyamba, ndipo chofiira, chabuluu wakuda ndi chobiriwira nthawi zambiri chimatulutsa utoto. Ganizirani mayi amene walumikiza buloko yanu ndi nsalu yoyera, wasoka miyezi, pochapa koyamba utoto wanu n'kuyenderera chofunda chonse. Chinyikeni chokha m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, mutsukuluze mpaka madzi atayera. Chikadali chonyowa, ikanipo kansalu koyera n'kupondereza ndi simbi. Kakatenga mtundu, chapaninso. Kakapitirizabe, chitenje chimenecho chisiyeni chikhale chovala. Mphepete yolembedwa mawu ija muichotse, ndi yolimba kuposa nsalu yonse ndipo imakoka msoko.

Pa patani, sankhani yazidutswa zikuluzikulu. Kukongola kwa chitenje kuli m'maluwa ake aakulu, ndipo mukachidula timabokosi ta inchi imodzi pamatsala phala la mitundu losadziwika mutu wake. Ndingakusankhireni Shoo Fly: ndi Nine Patch yomwe ija, kungoti m'makona anayi muli timabokosi togawika pakati mopingasa, theka chitenje theka nsalu ya mtundu umodzi. Pakati muikepo duwa lonse la chitenje, lodulidwa mwadala kuti likhale pakatikati. Njirayi imadya nsalu, ndiye musayembekeze kuti mamita awiri akupatsani maluwa 12 ofanana ngati maluwawo ndi otalikirana. Werengani kaye musanadule.

Timabokosi togawika tija musadule makona atatuatatu n'kumalumikiza, chifukwa nsalu yodulidwa mopingasa imatanuka. Dulani mabokosi awiri a mainchesi 5, muwayang'anitse nkhope, mujambule mzere kuchokera pakona kufika pakona ina, musoke kota ya inchi mbali zonse ziwiri za mzerewo, kenako mudule pamzerepo. Mupeza tiwiri, ndipo mukasita mutichepetse kufika pa 4½. Mabuku amati mudule 4⅞, koma kwa woyamba ndi bwino kukhala ndi kochepetsa. Posita, ikani simbi, dikirani, nyamulani. Kukhecha uku ndi uku ngati mukusita malaya a yunifomu kumapotoza buloko. Misoko muigonetsere kunsalu yakuda, mzere wina kumanja wina kumanzere, kuti polumikiza ikolane. Singano ya nambala 80, ulusi wa thonje wotuwa, ndipo masitichi akhale afupiafupi, pafupifupi mamilimita 2.

Chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikachiona: buloko ikakula, ena amangodula mphepete mpaka ikwane 12½, nsonga za makona atatu n'kudukira pomwepo. Kuchokera pansonga kufika kumphepete payenera kutsala kota ya inchi, apo ayi nsongayo idzamezedwa ndi msoko wa mnzanu. Ikalakwika, masulani. N'chifukwa chake sokani imodzi yokha kaye, muiyeze ndi rula yabokosi ya 12½, mukaonetse otsogolera pa msonkhano wotsatira, ndipo akavomera m'pamene mudule zina zonse nthawi imodzi. Onjezerani imodzi yapadera yoti ilowe m'malo mwa yomwe ingakanike.

Popereka, dulani maulusi olendewera, mumangirire kapepala ka dzina lanu ndi pini, ndipo mulembepo kuti nsaluyo ndi chitenje cha thonje chochapidwa kale, anthu amafuna kudziwa zimenezo. Ngati m'nyumba muli mphaka kapena wosuta fodya, nenani, ena zimawadwalitsa. Mukaona kuti tsiku logwirizana silitheka, auzeni msanga, poti anthu 11 akudikira inu.

Mukadzapeza mpata m'chilimwe, pitani ku chionetsero cha ma quilt chotchedwa Festival of Quilts, ku holo ya zionetsero ya NEC ku Birmingham, mukaone mmene ena amagwiritsira ntchito nsalu zamaluwa aakulu ngati zathuzi. Pakadali pano tumizani chithunzi cha chitenjecho muno, mutaikapo rula pambali, tikuthandizeni kusankha nsalu yoyenderana nacho.