Yankho kwa alamu pa za galu wamkazi uja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, woti galu uja akudontha magazi, kumaliseche kwatupa, ndipo agalu aamuna akugona pageti usiku wonse. Sanadwale ayi, musavutike n'kugula mankhwala. Wangofika pa nyengo yofuna amuna basi. Mwati ali ndi miyezi 9 eti? Nthawi yake ndi imeneyo. Ambiri amayamba pakati pa miyezi 6 ndi 12, kupatula akuluakulu aja ngati German Shepherd, omwe amatha kuchedwa mpaka kupitirira chaka.

Tsopano chomwe ndikupempheni n'chakuti mutenge kalendala, kaya ya pakhoma kaya ya mufoni, mulembe tsiku lomwe munaona dontho loyamba. Ngati simukulikumbukira bwino, bwererani masiku atatu m'mbuyo, paja ena amadzinyambita kwambiri moti poyamba sizioneka.

Masiku oyamba, pafupifupi 9, magazi amakhala ofiira. Amuna amabwera inde, koma iye amawakana, wina akayandikira amamukalipira kapena kungokhala pansi. Ndiye mvetserani apa alamu, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Magazi aja akayamba kuchepa n'kusanduka otumbululuka ngati madzi otsukira nyama, munthu amati zatha, n'kumumasula. Ayi! Pamenepo m'pamene wayamba kulola. Mukafuna kutsimikiza mukandeni pamsana cha kumchira. Akaima nji n'kupatutsira mchira kumbali, dziwani kuti wakonzeka. Zimenezo zimatenganso masiku 9 kapena kuposa, ena amafulumira ena amachedwa. N'chifukwa chake ine ndimati milungu itatu yathunthu asaonane ndi mwamuna, ndipo mukakwanitsa inayi ndi bwino kwambiri.

Za tcheni iwalani. Galu womangidwa pamtengo amuna amamupeza pomwepo, ndipo alibe kothawira. Mpanda wa udzu amabowola, wa njerwa amalumpha. Mutsekereni m'chipinda cha chitseko cholimba, muzimutulutsa ali pachingwe, inu muli pomwepo. Ana asamayandikire chigulu cha pageticho, agalu amenewo amalumana, ndipo sitidziwa kuti ndi angati analandira katemera wa chiwewe. Wanuyo analandira chaka chino? Tayang'anani kakhadi kake.

Zikachitika kuti mwawapeza atamatana, chonde osawamenya, osawathira madzi, osawakoka. Anyamata aja muwauze asawagende. Amasiyana okha, nthawi zambiri mphindi 30 zisanathe, ndipo kuwakakamiza kumavulaza onse awiri. Inu ntchito yanu ndi kulemba tsikulo, n'kuwerenga masiku 63. Akhoza kuswa patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono. Musadzadabwenso tiana titatuluka tosiyana, kena kakuda kena kofiirira, bere limodzi limatha kukhala la amuna awiri kapena atatu.

Ee, palinso china. Nthawi zina galu sanakweredwe n'komwe, koma pakatha mwezi kapena iwiri mawere amatupa, mkaka n'kumatuluka, n'kumakumba malo ogona, mwinanso kunyamula nsapato n'kumailera. Limenelo ndi bere labodza, limatha lokha. Musamamufinye mawere, mkaka umangowonjezereka.

Nyengo yotsatira muyembekezere pakatha miyezi 6 kapena 7, ngakhale agalu athu ena a kumudzi amachita kamodzi kokha pachaka. Mukalemba kawiri katatu mudzadziwa kayendedwe ka wanuyo. Ndipo galu sasiya ngati munthu, ngakhale atakalamba amabwererabe pa nyengo.

Koma pali ziwiri zomwe sizofunika kudikira. Magazi akapitirira milungu inayi, kapena mukaona kachotupa kosachedwa kutuluka magazi kumalisecheko, pitani naye kwa a vetenale. Pali chotupa chomwe agalu amapatsirana pokwerana, chofala kwambiri mwa agalu ongoyendayenda, koma chimachira ndi majakisoni. Chachiwiri, nyengo itatha, akayamba kumwa madzi kwambiri, kukana chakudya, kufooka, kapena kutuluka mafinya onunkha, ndiye kuti m'chiberekero mwachita mafinya. Zimenezo zimapha, pitani tsiku lomwelo.

Ndaonanso kuti azakhali alemba kuti mumubaye jakisoni wolera wa anthu uja. Pepani, koma ayi ndithu. Jakisoni ameneyo amatha kuyambitsa mafinya ndikunenawa. Ngati tiana simukutifuna alamu, mukamutseketse kwa dokotala wa ziweto. Poti muli ku Lilongwe, a LSPCA, bungwe losamalira nyama, amachita opaleshoni imeneyi, mungowaimbira kufunsa mtengo. Koma osati panopa ali pa nyengo, magazi amatayika ambiri. Dikirani papite miyezi iwiri kapena itatu zitatha. Munditumizire tsiku lija mukalipeza, ndikuwerengereni lomumasulira. Moni kwa ana.