Musachotse animatic pa kotesheniyo, achemwali

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti muli ndi bizinesi ya chiponde, mukufuna malonda a katuni a masekondi 30 pa TV, ndipo mnyamata amene mwamupeza waika storyboard, animatic ndi character design padera pa kotesheni yake, ndiye mukufunsa ngati n'zotheka kuzichotsa kuti mtengo utsike. Zosankha pakati pa MBC, Zodiak, Times ndi Mibawa ena ayankha kale. Ine ndiyankha za kotesheniyo, chifukwa ndiyo ntchito imene ndimadyera.

Musachotse. Ngati ndalama zavuta, chepetsani anthu a mu katuniyo, kapena nkhani yonse ichitikire malo amodzi, koma zitatu zimenezi zisiyeni. Ndipo mnyamata amene wazilemba pa kotesheni musanamufunse, ameneyo ntchito akuidziwa.

Storyboard ndi timabokosi papepala, mwina 12 mpaka 20 pa malonda a masekondi 30. Bokosi lililonse limakhala ndi chithunzi cha pensulo chosonyeza chimene woonera adzaone, pansi pake mawu amene adzamveke. Animatic ndi zithunzi zomwezo ataziika pa kompyuta motsatizana, pamodzi ndi mawu ndi nyimbo, kuti muonere ngati kanema ngakhale kuti anthu ake sakuyenda. Apa m'pamene mumadziwa ngati nkhani yanu ikukwanadi m'masekondi amene mwagula. TV ya kuno imaonetsa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi 30 ndi mafulemu 750. Kusintha chinthu pa storyboard n'kufufuta ndi labala basi. Kusintha chinthu chomwecho katuni itatha ndi ntchito ya masiku, ndipo wolipira masikuwo ndi inu.

Ine zinandionekera. Kampani ina yopanga ufa wa phala la ana inatipatsa ntchito, ndipo bwana wake anakana animatic, amvekere n'kutaya nthawi. Script, mawu olankhulidwa m'malondawo, anailemba m'Chingerezi, ife n'kuyamba kuyendetsa katuni potsatira mawu a Chingereziwo. Chichewa anati chibwera pambuyo. Chinabweradi, patapita milungu itatu. Mayi amene ankawerenga mawu atamaliza ulendo woyamba, wotchi inali pa masekondi 41. Tinawapempha kuti afulumire. Anayesa kanayi konse, kenako anavula mahedifoni, n'kundiyang'ana kudzera pagalasi la situdiyo n'kunena kuti, "Achimwene, nanga apa ndipumira pati?" Panalibedi popumira. Tinadula chigawo chonse cha mwana akudya phala, chomwe ndi chimene chinali chokoma pa malonda onsewo, ndipo tinachigwira masiku asanu ndi limodzi. Milomo ya katuni sinkagwirizana ndi mawu. Nambala ya foni kumapeto inangoti phethi, munthu asanatole n'cholembera chomwe. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa animatic ya masiku awiri ikanationetsa zonsezi tisanajambule kanthu.

Choncho lembani script m'Chichewa kuyambira pachiyambi. Mawu athu ndi aatali, "ndidzakuguliraninso" ndi liwu limodzi papepala koma pakamwa limadya nthawi. Ine ndimaona kuti mawu 50 kapena kuposerapo pang'ono ndi amene amakwana bwino m'masekondi 30 munthu akulankhula mosathamanga. Jambulani mawuwo ngakhale pa foni, mumupatse mnyamatayo, animatic aimange pa mawu amenewo. Muuzeninso kuti masekondi anayi kapena asanu omaliza ndi a botolo lanu, dzina ndi nambala.

Tsopano za character design, kutanthauza kapangidwe ka kamunthu ka mu katuniyo. Musavomereze chithunzi chimodzi chokongola chimene wakutumizirani pa WhatsApp. Mufunseni character sheet, pepala losonyeza kamunthuko kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo, nkhope yake kakusekerera, kakudabwa, katakhumudwa, ndi mmene milomo imakhalira kakamalankhula. Mitundu nayo ilembedwe ndi manambala ake, kuti chikasu cha pa malaya chikhale chomwecho cha pa botolo lanu. Popanda pepala limeneli, nkhope imayamba kusintha pakati pa kanema, ndipo tsiku limene mudzafune malonda achiwiri mudzalipiranso kuyambira pansi.

Chenjerani ndi chitenje. Aliyense amafuna mayi wa mu katuni avale chitenje chamaluwamaluwa, koma maluwa aang'onoang'ono ndi timizere tothithikana zimanjenjemera pa TV, komanso zimachedwetsa wojambula nthawi iliyonse imene mayiyo wasuntha. Mitundu iwiri ndi maluwa akuluakulu, zakwana. Onetsetsaninso zinthu zimene Mmalawi aliyense angazigwire msanga: mfundo ya chitenje choberekera mwana ili pati, duku wamanga bwanji, mthiko waugwira bwanji. Anyamata ambiri amaphunzirira pa YouTube ndipo dzanja lawo linazolowera nkhope za ku Japan ndi ku America. Amangodetsa khungu, koma mphuno, tsitsi ndi kaimidwe zimakhala zachilendo. Tengani chithunzicho mukawaonetse amayi amene amagula chiponde chanu, muwafunse kuti ameneyu ndi ndani. Akati ndi mayi wa pa msika, mwapambana. Akayamba kuganiza kaye, mubwezereni mnyamatayo.

Ndipo aliyense amene ali ndi mawu pa bizinesi yanu, kaya ndi bambo akunyumba, kaya mnzanu amene munasonkherana naye mpamba, aone pa nthawi imeneyi. Asadzatulukire katuni itatha n'kumati bwanji kamunthuka kasakhale kamnyamata.

Pa mitengo, musadalire imene anthu akutchula ya kale, chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonse zinasuntha. Ine ntchito zitatuzi pamodzi, pa malonda a masekondi 30 okhala ndi anthu awiri, ndimatchaja cha m'ma K300,000 kupita m'mwamba, malinga ndi kuchuluka kwa malo ndi zosintha. Njira yosavuta yoyezera ndi iyi: zikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mtengo wonse. Lipirani m'magawo. Dipoziti poyamba, ndalama ina mukavomereza kamunthu ndi animatic, yotsala akakupatsani kanema womaliza. Lembani kuti muli ndi mwayi wosintha kawiri pa gawo lililonse. Wina akakuuzani kuti mtengo wakwera chifukwa cha mapulogalamu, dziwani kuti Toon Boom Storyboard Pro ndi yolipiradi, koma aulere monga Krita, Blender, Storyboarder ndi DaVinci Resolve yaulere ija amagwira ntchito imeneyi bwinobwino. Mumalipira dzanja ndi mutu wa munthuyo.

Abale amene ayankha kuti ingogwiritsani AI mupulumutse ndalama, ndikupempha kuti ayesere kaye okha. Popezera maganizo imathandiza, koma kuti nkhope ikhale imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dzina la pa botolo n'kumawerengeka bwino, imavutitsa, ndipo wokonza zolakwikazo adzafunanso ndalama.

Zina ziwiri zoti zilowe mu mgwirizano wolemba. Choyamba, kamunthuko ndi kanu, ndipo mafayilo amene anagwiritsa ntchito pojambula akupatseni, osati kanema womaliza wa MP4 yekha. Mawu apakamwa sadzakuthandizani tsiku limene mudzafune kukaika pa chikwangwani kapena pa botolo. Chachiwiri, nyimbo. Musatenge nyimbo ya woimba aliyense chifukwa choti ikugunda, pali lamulo la Copyright la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, alipo kuti akuuzeni njira yake. Kulipira mnyamata wa kiyibodi akupangireni kanyimbo kanu n'kotchipa kusiyana ndi mlandu.

Ngati mukufunanso kuika malondawo pa WhatsApp status ndi TikTok, nenani pano, storyboard isanayambe. Ya pa TV imakhala yopingasa, 16:9, pamene ya pa foni imakhala yoimirira, 9:16. Akadziwa msanga, amaika anthu ndi malemba chapakati kuti podzadula botolo lanu lisadzatsale theka.

Usiku uno tengani script yanuyo, tsegulani wotchi ya pa foni, muwerenge mokweza ngati mukuuza kasitomala pa shopu. Mundiuze masekondi amene mwapeza, tione pamodzi poti tidule.