Kodi galu amafunikadi nsapato paulendo wautali?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene amagwira ntchito panyumba ina ku Cape Town. M'mawa uliwonse amayendetsa galu wa abwana, wamtundu wa Border Collie, ndipo Loweruka amakwera naye tinjira ta m'mbali mwa phiri la Table Mountain kwa maola atatu kapena anayi. Masiku ano galuyo akabwerako akumatsimphina mwendo wakutsogolo n'kumangonyambita phazi. Adona akufuna kugula nsapato za galu, ndiye mbale wathuyu akufunsa kuti: "Kodi zimathandizadi kapena n'kungotaya ndalama? Kwathu galu amasaka tsiku lonse osavala kanthu."

Achimwene, za galu wakumudzizo simukunama. Koma iye uja amaponda dothi ndi mchenga kuyambira ali kamwana, ndiye chikopa chakunsi kwa mapazi ake chimakhuthala pang'onopang'ono. Dzuwa likafika paliwombo amakadzigonera pansi pa nkhokwe, palibe womukoka ndi chingwe. Wa abwana anuyo masiku asanu amaponda matailosi ndi kapinga wothiriridwa, kenaka tsiku limodzi n'kukakhula mapazi pamiyala yokhakhala theka la tsiku. Komanso Border Collie ndi galu woweta nkhosa, sadziwa kuleka. Amathamanga mpaka phazi kusupuka, ululu n'kudzaumva atafika kunyumba.

Musanagule chilichonse, mugonekeni chammbali pamalo owala, mutenge phazi lotsimphinalo n'kutambasula zala chimodzichimodzi. Yang'anani ngati chikopa chakuda chija chasupuka n'kuoneka chofiirira, ngati pali matuza, mng'alu kapena chikhadabo chothyoka. Pakati pa zala ndi pamene pamabisala zambiri: timinga tija anthu akumeneko amati duwweltjies, ndi njere zosongoka za udzu wouma zimene zimaboola khungu n'kumalowabe m'kati. Mukapeza chotupa, mafinya, bala lakuya, kapena akapitiriza kutsimphina mpaka tsiku lachiwiri, apite kwa dokotala wa ziweto. Kuveka nsapato phazi lomwe muli munga n'kungotsekera vuto m'kati.

Chachiwiri, mumanyamuka nthawi yanji? Anthu ambiri amaganiza za miyala n'kuiwala msewu wa phula wochokera pageti kukafika m'munsi mwa phiri. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 1970 adaonetsa kuti kunja kukamatentha madigiri 25, phula lomwe lili padzuwa limatha kufika madigiri 52, ndipo pamenepo khungu limapsa m'mphindi imodzi yokha. Ku Cape Town kuyambira Disembala mpaka Febuluwale madigiri 25 si nkhani. Inu simumva chifukwa muli m'nsapato. Gunditsani kuseri kwa dzanja lanu pansi, muwerenge mpaka 7. Mukalephera kupirira, nayenso galu sangapirire. Mankhwala ake apa ndi kulawirira mbandakucha kapena kudikira dzuwa lipendeke, chifukwa galu wovala nsapato padzuwa loswa mtengo mapazi apulumuka, koma thupi lingathe kutenthedwa mpaka kukomoka.

Tsono nsapatozo si zachabe ayi. Amene amazidziwa bwino ndi anthu a ku Alaska omwe amachita mpikisano wa Iditarod, wa agalu okoka ngolo zotsetsereka pachipale chofewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 mpaka ku tawuni ya Nome. Mpikisanowu udayamba mu 1973, ndipo lamulo lake limati aliyense akhale ndi tinsapato 8 pa galu aliyense. Chondisangalatsa ine n'chakuti tinsapato tawoto n'tosaoneka bwino n'komwe: kathumba kansalu yolimba, kopanda soli, komangira ndi lamba womata. Cholinga si kufunditsa mapazi, koma kuti chipale chisakhule chikopa kapena kuundana pakati pa zala. Tikang'ambika amataya n'kuveka tina, ndipo pamalo opumira amavula kuti aone mapazi ndi kuwapaka mafuta. Iwo amaveka galu chifukwa cha nthaka imene akukaponda tsiku limenelo, osati chifukwa choti nsapato zilipo. N'chimodzimodzinso abale athu a ku Britain, kumene m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu: mcherewo umawawa m'ming'alu ya mapazi, ndiye ena amaveka nsapato, ena amangotsuka mapazi ndi madzi ofunda akafika kunyumba.

Kwa galu wanuyo, nsalu yokhayokha singalimbe pamiyala. Pafunika za soli yopyapyala ya labala, pamwamba pake nsalu yolowa mpweya. Zolimba ngati jombo zisiyeni m'sitolo momwemo, chifukwa galu amagwira mwala ndi zala ndi zikhadabo, ndipo akapanda kumva pomwe waponda amaterereka pamalo otsetsereka.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa saizi. Muimikeni papepala, munyamule mwendo winawo kuti thupi lilemere paphazi mukuyezalo, mulembe mzere mbali zonse ziwiri pamene phazi latambasuka kwambiri, n'kuyeza m'lifupi mwake. Yezani lakutsogolo ndi lakumbuyo padera, popeza kawirikawiri akutsogolo amakhala okulirapo. N'chifukwa chake makampani ena, monga Ruffwear, amagulitsa ziwiriziwiri m'malo mwa zinayi. Wengani zikhadabo musanayeze. Nsapato yaikulu imazungulira n'kuvuka, mudzangoona galu akubwera ndi zitatu. Yothina imatupitsa phazi. Samalani kwambiri ndi kachikhadabo kaja kali pamwamba, m'kati mwa mwendo wakutsogolo: lamba amadutsa pomwepo, ndipo akamakhula amasiya chilonda choposa chimene mumapewa. Kasokosi kopyapyala kamathandiza.

Tsiku loyamba mudzaseka, ndikuuziranitu. Adzayenda monyamula miyendo m'mwamba ngati nkhuku yoponda pamoto. Musamukalipire. Mvekeni kwa mphindi zochepa pabwalo, muponyereni mpira kuti aiwale, mawa lake muwonjezere nthawi. Zisayambire kuphiri. Mukakhala paulendo, imani pakatha mphindi 15 zoyambirira mumangenso malamba, ndipo popuma paliponse vulani, khutulani mchenga, muone ngati pena pafiira. Galu amatuluka thukuta kumapazi, ndiye phazi likakhala m'chinyezi nthawi yaitali limafewa n'kusupuka msanga. Zikanyowa powoloka kamtsinje, vulani.

Palinso mafuta okhala ngati sera opaka kunsi kwa mapazi, monga Musher's Secret ya ku Canada. Amathandiza kuti chikopa chisaume n'kung'aluka, koma munga sautchinga, ndipo musawadalire paphula lotentha.

Ndikadakhala ine, adona ndikadawauza chonchi: phazi lipole kaye, galu asapite kuphiri mpaka atasiya kutsimphina. Akachira, maulendo a m'kati mwa sabata azidutsako panjira za dothi ndi timiyala, mtunda uzikula pang'onopang'ono sabata ndi sabata, kuti mapazi akhwime. Nsapato agule ndithu, zoyezedwa bwino, koma zizikhala m'chikwama pamodzi ndi madzi akumwa ndi kabandeji, muzimuveka pofika pamiyala yakuthwa, paminga, kapena akavulala muli kutali ndi galimoto. Ngati ndalama zavuta, yambani ndi ziwiri zakutsogolo, chifukwa miyendo yakutsogolo ndi imene imasenza gawo lalikulu la kulemera kwa galu, makamaka potsika phiri.